Aphiri, Peugeot ija yalira

Chipata, Okutobala

Okondedwa Aphiri,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Chichester pamodzi ndi amayi akunyumba ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba. Ikamakwana 10 koloko malata a galaja sagwirika, ndipo sipana ukaiiwala panja umakaitola ndi sanza. Mango ayamba kuoneka pa Kapata koma akadali anthete, ana akungodyera mchere.

Zithunzi za mpikisano wa magalimoto akale wa ku Goodwood munatumiza pa WhatsApp zija ndaziona zonse, ndipo foni yanga yayenda m'manja mwa anthu ambiri moti yada ndi girizi. Jekete munavala ija mwaibwereka kwa yani? Anyamata anga anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati simunasiyane ndi a hedimasitala a nthawi ya atsamunda. Koma funso munalemba pansi pa chithunzi chomaliza lija, loti kodi zimenezi si misala ya anthu okhuta, silingayankhidwe ndi mawu awiri a pafoni. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Si misala, Aphiri. Kukhuta kulipo ndithu, pakuti galimoto imodzi mwa zimene munajambulazo ikhoza kugula mashopu angapo a ku Down Shops ndi katundu yense ali m'katimo. Koma chimene anthu amenewo achidziwa, ndipo makaniko aliyense angakuuzeni, n'chakuti galimoto imafa ikaima. Ukaiphimba nsalu n'kuitsekera m'nyumba, marabala amauma, mabuleki amagwira, petulo amasanduka utomoni m'kabuleta, makoswe amadya mawaya. Yoyenda imadontha mafuta ndithu, koma ili ndi moyo. Choncho amene akufuna kusunga galimoto ya 1955 alibe njira ina koma kuiliza ndi kuithamangitsa, ndipo poti kuyenda wekha sikukoma, amaitana anzake. Misonkhano yonseyi inayambira pamenepo.

Bwalo munapitalo ndinayamba kuliwerenga kale, m'magazini ong'ambika amene tinkawapeza m'galaja tikuphunzira ntchito. Poyamba linali bwalo la ndege zankhondo, la RAF Westhampnett. Nkhondo itatha anaona kuti msewu wozungulira bwalolo ungachite mpikisano, ndipo anautsegula mu 1948. Mu 1962 katswiri wothamangitsa magalimoto Stirling Moss anachita ngozi yoopsa pomwepo, imene inathetsa ntchito yake m'mipikisano ikuluikulu. Pofika 1966 magalimoto anali atakula liwiro kuposa momwe bwalolo likanapirira, nalitseka. Atalitsegulanso mu 1998 anapangana kuti pazithamanga magalimoto a zaka zomwe zija basi, ndiponso oonerera azibwera atavala zakale. Ndiye jekete lanulo munalondola, kungoti manja ake anafupika.

Ine mtima wanga suli kwenikweni pa mpikisano wothamangitsana. Ndikaona galimoto ya zaka 60 ikulowa pakona itapendekeka, mnzake ali pafupi kuikhudza, ndimaganiza za mmisiri amene adzagone usiku akuwongola chitsulo chimenecho ndi nyundo. Chimene chimandikoka ndi maulendo. Musaphonye Lamulungu loyamba la Novembala, pakuti muli pafupi. Tsiku limenelo dzuwa likamatuluka magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 amanyamuka ku Hyde Park mu London kupita ku Brighton, mtunda wa makilomita pafupifupi 95, tinene kuchoka pano kukafika ku Katete n'kupitirirako pang'ono. Si mpikisano, palibe woyamba kapena wachiwiri, nkhani ndi kufika. Amakumbukira chaka cha 1896, pamene boma la kumeneko linalola galimoto kuyenda mamailosi 14 pa ola m'malo mwa 4. Lamulo lakale linkafuna kuti munthu aziyenda pansi patsogolo pa galimoto, ndipo panali nthawi imene ankanyamula mbendera yofiira, n'chifukwa chake asananyamuke amang'amba mbendera yotero. Mukapita mukaime pachitunda, osati pomalizira. Pachitunda ndi pamene mukaone okwera akutsika n'kuyamba kukankha, ndipo mukamve kusiyana kwa injini ya pisitoni imodzi ndi ya nthunzi.

Ku Italy nawo ali ndi wawo, Mille Miglia, wochoka ku Brescia kukafika ku Rome ndi kubwerera, makilomita pafupifupi 1,600 m'misewu ya anthu wamba. Unayamba mu 1927. Mu 1955 Moss yemwe uja, ndi Denis Jenkinson pambali pake akumuwerengera makona pa pepala lalitali lokulunga, anaumaliza ndi Mercedes-Benz 300 SLR m'maola 10 ndi mphindi zosakwana 8. Nambala ya galimotoyo inali 722 chifukwa ananyamuka 7:22 m'mawa. Patangopita zaka ziwiri, mu 1957, Ferrari inaphulika tayala n'kulowa m'gulu la anthu pa Guidizzolo, woyendetsa ndi mnzake anafa pamodzi ndi oonerera 9, ena mwa iwo ana, ndipo mpikisanowo unathera pomwepo. Lero amauchitabe, koma wopambana si wothamanga kwambiri. Amakuuza kuti kachigawo aka ukadutse m'nthawi yakuti, ndipo ukafulumira kapena kuchedwa ndi sekondi amakulemba mlandu. Wogwira wotchi amakhala wofunika kuposa wogwira chiwongolero. Gwirani mfundo imeneyi, ndibwererako.

Chimene chinandiwawa m'kalankhulidwe kanu, Aphiri, ndi mawu aja oti izi ndi za azungu, ife tilibe mbiri ya magalimoto. Mwaiwala msanga. Kodi dzina la Peugeot linamveka chifukwa cha misewu ya ku Paris? Linamveka m'matope a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Mpikisano wa Safari unayamba mu 1953, ndipo mu 1963 ananyamuka magalimoto 84, ofika anali 7 okha, patsogolo pali Peugeot 404. Inapambananso mu 1966, 1967 ndi 1968. Pakati apo, mu 1965, Joginder Singh ndi mbale wake Jaswant anapambana ndi Volvo PV544 yogula kwa wina, imene anaikonza okha, n'kusiya m'mbuyo magulu obwera ndi ndalama za mafakitale. Kenako anabwera a Datsun, 1600SSS mu 1970 ndi 240Z mu 1971 ndi 1973. Kuyambira 2003 a ku Kenya anadzutsa Safari ya magalimoto akale, ndipo anthu amachoka ku Ulaya ndi magalimoto awo m'sitima kudzadya fumbi lathu lomwe lino. Kwathu kuno Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense kasanu ndi katatu, pambuyo pake Muna Singh anatenganso kawiri. Ku Livingstone tinkalumikiza ma Fiat, ku Ndola ma Land Rover. Ngakhale pano pa Chipata tinali ndi fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo ndani wasungako imodzi yokhala ndi belu lake ndi chishalo chake choyamba?

Mbiri ilipo. Chimene tilibe ndi magalimotowo, chifukwa tawagulitsa pa sikelo. Athu sanafe ndi ulesi m'nyumba, anafa ndi ntchito: fodya, thonje, mtedza wa chalimbana, odwala, maliro, mkwati ndi azakhali ake onse kumbuyo. Ikatopa inkakankhidwira pansi pa mtengo wa mango, ana n'kumaseweramo. Ikanakhala pomwepo bwenzi tikuipeza lero. Koma zaka zapitazi anyamata ogula zitsulo zakutha alowa mudzi uliwonse ndi malole awo, akudula ndi moto. Sindiwada, nawonso akusaka chakudya, ndipo mayi wamasiye amene akufuna ndalama za feteleza simungamuuze kuti asunge chigoba cha Bedford chifukwa cha mbiri. Komabe ndinaona ndi maso anga Morris Minor yathunthu, magalasi onse alipo, ikutsitsidwa pa sikelo itadulidwa pakati. Tsiku limenelo nsima sinandikomere.

Ndiye ndikuuzeni za vaneti ija ya 404 ndinakutchulirani chaka chatha. Inali pafamu ina cha ku msewu wa Chadiza, matayala atamira m'dothi, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Mwini wake anamwalira kalekale, ndipo ana ake anadabwa kuti ndikufuna kulipira kuposa a zitsulo. Tinaikoka ndi thirakitala. Injini inali itagwira, choncho ndinachotsa mapulagi n'kuthira dizilo wosakaniza ndi oilo m'mabowo onse anayi, ndi kumaisiya, ndi kumabwera kudzayesa ndi sipana yaikulu pa pule. Tsiku lina inangoti gwede, n'kutembenuka. Thanki inali ndi dzimbiri lodzaza ndowa, kabuleta ya Solex inali ndi chisa cha mavu, ndipo mawaya ndinaika atsopano onse. Thupi lake lokha ndilo linandidabwitsa. Kuno kulibe mchere umene amathira m'misewu ya kwanuko nthawi yozizira, choncho pansi pake padali polimba kupatula pamene nkhuku zinkagona.

Vuto limene anthu ambiri saliganizira ndi petulo. Injini izi anazipanga nthawi imene petulo anali ndi mtovu, ndipo mtovuwo unkateteza mipando ya mavalavu. Petulo wotero kuno anatha zaka zambiri zapitazo. Ukaithamangitsa ulendo wautali osasamala, mavalavu amayamba kudzikumbira m'hedi, mphamvu n'kumatha pang'onopang'ono osadziwa chifukwa. Ndinatumiza hedi ku Lusaka kuti akaike mipando yolimba. Ndalama zake amayi akunyumba sakuzidziwa, ndipo inunso simunamve.

Tsiku loiliza, mnyamata wanga wamkulu pantchito, amene Corolla ndi Allion amazidziwa bwino kundiposa, anazungulira galimoto yonse ndi kamakina kake kaja kofufuzira matenda a magalimoto amakono, akufuna poti alumikize. Ndinamusiya afufuze. Atatopa ndinamuitana, ndinatsegula chivindikiro cha disitiribyuta, n'kumuonetsa mapointi. Ndinati tembenuza injini mpaka atseguke, lowetsa kachitsulo koyezera ka mamilimita 0.4, kazilowa mokhuza pang'ono osati mothina, manga sikuluu, yezanso chifukwa pomanga amasuntha. Kenako ndinakoka choki, ndinaponda kawiri, ndinapotoza kiyi. Inakhosomola, inatulutsa utsi wabuluu wodzaza galaja yonse, n'kuyamba kulira. Ndinamupatsa sukuludalaiva kuti atembenuze sikuluu ya kabuleta pang'onopang'ono, khutu lili pa injini, mpaka pamene kulirako kunasalala. Anaimirira akumwetulira n'kunena kuti, "Abwana, kansi iyi imakamba yokha pamene ikudwala." Kuyambira tsiku limenelo akaweruka sathamangira kunyumba.

Apa ndi pamene nkhawa yanga ili, kuposa pa zitsulo. A ku Goodwood angakhale ndi ndalama, koma amafunafuna amisiri odziwa kusula mbali ya galimoto ndi manja kapena kuyeza kabuleta ndi khutu, ndipo amawalipira bwino. Ife amisiri oterowo tinali nawo pansi pa mtengo uliwonse. M'zaka za m'ma 1980, pamene ndalama zakunja zinasowa ndipo sipeya sankapezeka m'sitolo, anthu ankadula gasiketi pa katoni, kumata thanki yodontha ndi sopo, kumanga paipi ndi malegeni, ndipo galimoto inkafika ku Lusaka kudutsa mapiri a Manenekela ndi mlatho wa Luangwa. Madala amenewo tikuwaika m'manda mmodzimmodzi, ndipo galimoto zoti aphunzitsirepo ana palibe.

Lamulungu lina mwezi wathawu tinayesa kakusonkhana kathu. Sitinalengeze paliponse, tinangoimbirana. Inabwera Land Rover yakale ya denga la tenti, ya mdala wina amene anagwirapo ntchito ku mishoni, Datsun 120Y ya mphunzitsi wopuma, Beetle imene mwini wake amaisunga kuseri kwa sitolo yake, ndi vaneti yangayi. Tinanyamuka mapemphero atatha, kulowera msewu wa ku Mfuwe, pang'onopang'ono. Anyamata a njinga zamoto ankatilondola akujambula ndi mafoni. Land Rover batire lake linali lofooka, ndiye titaima pamsika wina mdalayo anatulutsa chitsulo chopukusira, nachilowetsa kutsogolo, chala chachikulu atachipinda mbali imodzi ndi zinzake kuopa kuti injini ikabweza ingamuthyole. Anakoka kamodzi kokha, inalira, ndipo msika wonse unaomba m'manja.

Pamsika pomwepo mayi wina wachikulire wogulitsa tomato anasiya malonda ake n'kubwera kwa ine. Sanandipatse moni. Anazungulira kumbuyo kwa vaneti, nagwira unyolo wa chitseko, n'kunena kuti yotereyi ndi imene inawanyamula usiku kupita ku St Francis ku Katete pokabadwa mwana wawo woyamba, atagona pa matumba a mtedza, apongozi awo atagwira nyali. Anafunsa ngati giya ikadali pachiwongolero. Nditawatsegulira chitseko kuti aone, anaseka, naitana mdzukulu wawo kuti adzaone pamene atate ake anatsala pang'ono kubadwira. Ndalama za tomato ndinagula anakana. Ndiuzeni, Aphiri, ngati ku Goodwood munaona wina akugwira Ferrari motero.

Pobwerera Beetle inadula lamba, ndipo poti injini yake imazizira ndi mphepo ya fani imene lambayo amazunguza, sitikanaiyendetsa ngakhale pang'ono. Tinadikira pamthunzi mpaka mnyamata wanga atabwera ndi wina panjinga yamoto. Palibe anadandaula. Mphunzitsi uja ndiye anayamba kutiwerengera mayina a madalaivala a mabasi akale a boma a UBZ amene ankawadziwa, ndi malo onse amene basi inkaima kuchoka ku Lusaka, Kacholola, Nyimba, Petauke, Sinda, mpaka dzuwa linapendeka.

Tsopano ndibwerere ku nkhani ya wotchi ija. Tikuganiza zoti mvula ikatha, mwina mu Meyi kapena Juni kukazizira, tichite ulendo weniweni wa ku Lundazi, tikagone ku hotela ya Castle ija, m'mawa mwake n'kubwerera. Kuthamangitsana ayi. Msewu ndi wa ngolo, mbuzi, ana asukulu ndi njinga zonyamula makala, ndipo mabuleki a magalimoto athuwa si a masiku ano. Tidzatengera a ku Italy: tidzagwirizana liwiro lochepa, tinene makilomita 45 pa ola, tidzaika anthu ndi mawotchi pa malo angapo amene oyendetsa sakuwadziwa, ndipo wofika pafupi kwambiri ndi nthawi yake ndiye adzadye nkhuku yaulere. Lamulo limodzi ndaumirira ine: pampando wa pambali pazikhala wachinyamata, ndiye azigwira wotchi ndi pepala, ndipo galimoto ikafa panjira sipana yoyamba azigwira iyeyo. Mdala wa Land Rover akutsutsa, akuti mdzukulu wake amangoyang'ana pafoni. Ndamuuza kuti foniyo ili ndi wotchi yabwino kuposa yake.

Zotsala ndi mapepala. Aliyense ayenera kukhala ndi fitinesi, msonkho wa pamsewu ndi inshuwalansi, ndipo tidzapita kukadziwitsa apolisi a pamsewu nthawi ikadalipo. Ya Datsun buku lake linatayika, ndiye mphunzitsi ali kalikiliki kulondola. Tamvanso kuti ku Petauke kuli Peugeot 504 imene ikuyendabe, ndi Toyota Stout kwinakwake cha ku Vubwi, koma eni ake sitinawapeze. Ku Mchinji ndi ku Lilongwe nakonso sikungalephere kukhala ena, ndipo pa Mwami ndi pafupi.

Munati tchuthi chanu simunasankhe mwezi. Sankhani umenewo. Mpando wa pambali ndaulonjeza kale kwa mnyamata wanga, koma benchi ya 404 imakwana atatu, poti giya ili pamwamba ndipo pakati palibe chopinga. Ngati mwanenepa monga zikuonekera pachithunzi, mudzakhala kumbuyo ndi jeke.

Pali zinthu zitatu ndikupemphani mundifunire kwa ogulitsa sipeya za magalimoto akale kumeneko: mapointi ndi kondensa, ndiponso marabala a mabuleki a kumbuyo. Ndikutumizirani zithunzi za disitiribyuta ndi manambala ake pafoni, chifukwa ma 404 sanali ndi mtundu umodzi, ndipo mukangonena dzina la galimoto adzakupatsani zosalowa. Ndi tinthu tating'ono, tikwana m'thumba la malaya. Musatumize papositi, mudzabwere nato kapena mupatsire wina wobwera pa Khirisimasi. Ndalama ndipereka kwa alongo anu ku Kalongwezi monga tinachitira pa mankhwala aja.

Alongo anuwo ali bwino, ndinawaona pamaliro ku Mchini sabata yatha, ndipo akuti denga lija alimaliza mvula isanagwe. Mupereke moni kwa amayi ndi ana onse.

Ine mnzanu,
Banda